Chuma chobwera m'sutikesi: kumpoto kusanakhale Mzuzu

Munthu akaima pa depoti ya Mzuzu m'mawa wa mwezi wa Juni, chifunga chitakuta phiri la Kaning'ina, makondakitala akuitanira a ku Karonga, a ku Nkhata Bay ndi a ku Mzimba, sangakhulupirire msanga kuti mzinda uwu ndi mwana kwa nkhalamba zina zimene zikuwothera dzuwa ku Ekwendeni. Mu 1920 kunalibe tauni yotchedwa Mzuzu. Kunali nkhalango, madambo a m'mbali mwa Lunyangwa, midzi yotalikirana, ndi njira za miyendo zimene amtengatenga ankatsikira kunyanja. Komabe zaka zimenezo, kuyambira 1900 mpaka nkhondo yachiwiri, ndi zimene zinaumba anthu amene anadzadzaza mzindawu. Kunja ankazitama kuti ndi zaka za magetsi, galimoto, lamya ndi wailesi. Kumpoto kwa Nyasaland zinthuzi zinafikanso, koma mwa njira yakeyake. Chuma chinkakumbidwa kutali, amuna a kuno n'kumachilondola wapansi, amwayi n'kubwera nacho m'sutikesi.

Choyamba kufika chinali sitima ya pamadzi. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja mu 1875 itanyamula amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland, ndipo mu 1878 kunabwera kampani yamalonda yoyendetsedwa ndi pachibale awiri, John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Mishoni itasamukira ku Bandawe mu 1881, Atonga ndiwo anayamba kulawa ntchito ya malipiro. Anali atapanikizika m'malinga a m'mbali mwa nyanja poopa Angoni a M'mbelwa, malo olima chinangwa anali ochepa, choncho ntchito ya mzungu anailandira ndi manja awiri. Anasenza katundu wa Mandala, anamenya nawo nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Mlozi, ndipo pofika m'ma 1890 ankapita zikwizikwi kukagwira ntchito m'minda ya khofi ya ku Blantyre ndi ku Zomba. Ukapitawo m'minda yambiri ya kumwera unali wa Atonga. Chizolowezi chosakira ndalama kutali chinayamba pamenepo, wamsonkho asanagogode n'komwe pakhomo.

Kumtunda, kwa Angoni, zinthu zinasintha mochedwerapo koma mowawa. M'mbelwa woyamba anamwalira mu 1891, ndipo patangopita zaka ziwiri mliri unapululutsa ng'ombe, zimene zinali nkhokwe ya chuma ndi ulemu wa banja. Njira za nkhondo nazo zinali kutsekeka, pakuti mbali zonse kunali kutafika mfuti za atsamunda. Mishoni ya Ekwendeni, yomwe Walter Elmslie anatsegula mu 1889 m'dera la Inkosi Mtwalo, inayamba kudzaza ana. Pa Ekwendeni pomwepo, makilomita 20 okha kuchokera pamene pali Mzuzu lero, mafumu a Angoni anakumana ndi Alfred Sharpe mu Seputembala 1904 n'kuvomera kulowa mu ulamuliro wa Britain popanda kuombera chipolopolo. Msonkho wa nyumba unatsatira mu 1906. Mnyamata amene bambo ake anaonetsa chamuna ndi chishango ndi nthungo tsopano anayenera kuchionetsa ndi masheleni. Masheleniwo ku Mzimba kunalibe.

Amene ankafuna kuona zaka zatsopanozo ndi maso ake ankayenera kukwera ku Khondowe. Dr Robert Laws, mwana wa kalipentala wa ku Aberdeen, anasankha phirilo mu 1894 n'kuyamba kumangapo Overtoun Institution. Sankafuna sukulu yongophunzitsa kuwerenga Baibulo. M'mutu mwake munali kamzinda ka ntchito zamanja ndi zamutu komwe, kokhala ndi aphunzitsi ndi abusa, komanso akalipentala, amisiri omanga, osindikiza mabuku, othandiza madokotala ndi osunga mabuku a ndalama. Madzi a m'mipope anafika mu 1904. Chaka chotsatira, 1905, magetsi opukusidwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe anayaka pamwamba pa phirilo, pamene midzi yambiri ya ku Scotland komweko inkaunikirabe nyali za parafini. Msewu wa Gorodi, uja wamakona 20 umene mpaka lero umatulutsa madalaivala thukuta, unasemedwa ndi makasu ndi mapiki kuti katundu azikwera kuchokera kunyanja. Mu 1911 chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa. Pansi pa phiri, m'mbali mwa nyanja, munkadutsa nthambo ya lamya ya Cecil Rhodes, amene ankalota zolumikiza Cape Town ndi Cairo. Nthamboyo inali itafika kale ku Karonga chisanakwane chaka cha 1900, ndipo anyamata a ku Khondowe ankaphunzira kugogoda mauthenga pa makina ake.

Ndalama zambiri zomangira zonsezi zinachokera kwa Lord Overtoun, mwini fakitale ya mankhwala ku Shawfield pafupi ndi Glasgow. Mu 1899 Keir Hardie, mtsogoleri wa apantchito a ku Britain, anamuyalutsa poyera chifukwa cha mmene antchito a m'fakitaleyo ankavutikira: maola ataliatali, malipiro ochepa, ndi fumbi la mankhwala lodya mphuno ndi khungu. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa cha kumene inakathera. Thukuta la amphawi a ku Glasgow linalipirira sukulu imene inadzatulutsa munthu wosonkhanitsa amphawi a ku Cape Town kuti akane malipiro ochepa. Tifika kwa munthuyo.

Vuto linali lakuti Laws ankasula amisiri m'dziko lopanda wowalemba ntchito. Mishoni inkatha kusunga ochepa, Mandala ochepa, boma la ku Zomba ochepanso. Munda wa mphira wa Vizara kufupi ndi Nkhata Bay unkafuna manja ambiri koma osati mitu yambiri. Chuma chenicheni cha Nyasaland chinkamera kumene kunali njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwe Imperial Tobacco Company inatsegula fakitale yake ku Limbe. Tiyi anayala ku Mulanje ndi ku Thyolo. M'ma 1920 fodya wochiza ndi utsi anasandutsa chigwa cha Lilongwe malo a ndalama, mpaka boma linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Mu 1935 mlatho wa pa Zambezi unatha, njanji n'kufika ku Salima. Inaima pomwepo. Mlimi wa ku Henga kapena ku Euthini akanalima chimanga, mtedza kapena thonje lochuluka bwanji, mtengo wonyamulira pamutu mpaka kunyanja, kenako pa sitima, kenako pa njanji, ukanadya phindu lonse. Kuwonjezera apo, gawo lalikulu la malo a boma la North Nyasa linali m'manja mwa British South Africa Company mpaka m'ma 1930, kampani imene inkangodikira miyala ya mtengo wapatali osalimapo kanthu. Azungu eni ake anayamba kutcha chigawochi dzina lachipongwe lotanthauza kumpoto kwakufa.

Kunali kwakufa kwa wofuna kutumiza mabelo kunja. Kwa eni migodi a kumwera kwa Zambezi kunali kwamoyo kwambiri. Golide wa ku Johannesburg, amene anapezeka mu 1886, ankameza anthu mosakhuta. Migodi ya ku Southern Rhodesia, monga Shamva, Globe and Phoenix, Cam and Motor ndi malasha a ku Wankie, inkalira manja usiku ndi usana. Wenela, yopezera antchito migodi ya ku Johannesburg, inayamba kulemba anthu a ku Nyasaland mu 1903, koma chibayo chinawapha ochuluka zedi m'makomboni ozizira a ku Joni, moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho sichinaimitse ulendo. Anthu anangosiya mzere wa Wenela n'kumapita pa selefu. Ankanyamuka m'magulu, ndi ufa m'thumba, kankhwangwa paphewa ndi mphasa yopinda, kudzera ku Fort Jameson mpaka kukaoloka Zambezi pa Feira, kapena kudzera ku Tete. Ulendo unkatenga masabata. Ufa ukatha ankaima pa famu ya mzungu kugwira ganyu, akapeza kamba n'kupitirira. Ankaopa mikango, ankaopa apolisi a Chipwitikizi, koma koposa ankaopa kugwidwa ndi olemba anthu a chibalo, amene ankawatumiza ku migodi yoipitsitsa imene munthu wodzisankhira sakanapitako. Nzeru ya selefu inali imeneyo: kusuntha pang'onopang'ono kuchoka pa malipiro ochepa kupita pa ochulukirapo, ku Halale, ku Bulawayo, mpaka kuoloka Limpopo.

Apa ndi pamene sukulu za Livingstonia zinaonetsa mtengo wake. Munthu wodziwa Chingerezi, masamu ndi kulemba bwino sankalowa pansi pa mgodi. Ankakhala kalaliki, womasulira, wosunga sitolo, wothandiza m'chipatala, khukhi wa bwana kapena kapitawo. Dzina lakuti Mnyasa linamveka kuyambira ku Elisabethville, kumene Union Minière inkakumba kopa, mpaka ku Broken Hill, ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika ndi ku Dar es Salaam. Migodi ikuluikulu ya Copperbelt itayamba, Roan Antelope ku Luanshya mu 1931 ndi Nkana mu 1932, maofesi ake ambiri munali Atonga, Ahenga ndi Angoni. Eni dziko sankawakonda nthawi zonse alendo okhala pafupi ndi bwanawa, ndipo chidani china cha masiku amenewo chinakhalitsa. Ena anatumidwa ndi mpingo weniweniwo. David Kaunda, wophunzira wa Livingstonia, anapita kukalalikira ku Chinsali pakati pa Abemba m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia. Mnyamata wina wa ku Kasungu, wophunzira m'sukulu za mishoni yomweyo, ananyamuka wapansi cha mu 1915, nakasesa m'chipatala ku Hartley asanafike ku Joni. Dzina lake linali Hastings Banda.

Koma mwana wa Khondowe amene anagwedeza dziko la eni kwambiri anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe. Anabadwa cha mu 1896, anamaliza maphunziro a uphunzitsi ali mnyamata, anaphunzitsako pang'ono, ndipo mu 1915 anauyamba ulendo wa anzake onse. Anagwira ukalaliki ku Mozambique, ku mgodi wa Shamva ndi ku Bulawayo, n'kufika ku Cape Town mu 1918. Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko, ndipo chaka chomwecho chisanathe anatsogolera sitalaka imene inaimitsa dokolo. Pofika 1927 bungwelo linkawerengera mamembala pafupifupi 100,000, m'matauni ndi m'mafamu momwe, ndipo Kadalie anapita mpaka ku Geneva kukalankhulira antchito akuda. Munthu wosadziwa bwino Chizulu, Chixhosa kapena Chisutu ankadzaza mabwalo ndi Chingerezi cha ku Overtoun. Bungwelo linasweka ndi mikangano ya atsogoleri ndi nkhani za ndalama, ndipo iye anamwalira ku East London mu 1951. Mnzake Robert Sambo, Mnyasa yemwenso, anapirikitsidwa ku Southern Rhodesia mu 1927 chifukwa cha ntchito yomweyo. Kumudzi boma linkaopa ngakhale mapepala a anthu amenewa. Mu 1926 Isa Lawrence anamangidwa zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko nyuzipepala ya Marcus Garvey yotchedwa Negro World.

Msewu umene unkatenga anthu unkabweretsanso ziphunzitso. Elliot Kamwana anachoka ku Overtoun mu 1901, anagwira ntchito ku South Africa, anakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town, ndipo kumapeto kwa 1908 anabwerera ku Utonga ndi uthenga wa Watch Tower. Mpingo wa Laws unkadikiritsa munthu zaka m'kalasi asanabatizidwe, kuwonjezera apo sukulu zinali zitayamba kulipiritsa. Kamwana ankabatiza pompopompo, mwaulere, akulengeza kuti mu 1914 maufumu a dziko adzatha pamodzi ndi msonkho wawo. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Boma linamuchotsa m'dziko mu 1909 ndipo sanaloledwe kubwerera kwawo kufikira 1937.

Chaka cha 1914 chinabweradi ndi moto, ngakhale sunali umene Kamwana ankanena. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma ya Gwendolen inaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven kutsidya kwa nyanja, ndipo pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Kumpoto kunasanduka njira ya asilikali opita ku German East Africa. Popeza kunalibe njanji, ndipo misewu yoyenda galimoto inali yochepa, chakudya ndi zipolopolo zinayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lonse anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Chimtunga, wolowa m'malo mwa M'mbelwa, atakana kupereka anthu ake, boma linamuvula ufumu mu 1915 n'kumutumiza kumwera. Nkhondo itangotha, mliri wa fuluwenza wa 1918 unadzakolola amene anatsala ofooka. Zaka za makina zinafika kwa munthu wa ku Mzimba ngati katundu wa pamutu.

Ndiye m'sutikesi munkabwera chiyani? Nsalu za akazi, mabulangete, jekete ndi chipewa, nsapato, sopo, mapoto, nyali. Wopeza bwino ankabwera ndi njinga yakapalasa, makina osokera a Singer kapena galamafoni yopukusa ndi dzanja, imene mudzi wonse unkaizungulira madzulo. Ndalama zinkalipira msonkho wa bambo, wa amayi amasiye ndi wa achimwene, zotsala n'kugula ng'ombe kapena kulowolera. Malowolo, amene kale ankadalira khola la bambo, tsopano ankatha kuchokera m'thumba la mnyamata mwini wake, ndipo mawu a akulu pa nkhani ya ukwati anayamba kupepuka. Nyumba za njerwa zamakona anayi, zazitseko ndi mawindo, zinayamba kuoneka pakati pa zozungulira. Wamakina ankakhala pakhonde la sitolo kusoka madiresi, wanjinga ankagula nsomba kunyanja kukagulitsa kumtunda. Positi ofesi inasanduka malo ofunika ngati tchalitchi, ndipo mwana wodziwa kuwerenga kalata ya ku Joni ankapatsidwa ulemu woposa msinkhu wake. Ndikuganiza kuti ludzu la sukulu limene anthu a kumpoto amadziwika nalo linakula apa. Makolo anaona ndi maso kuti wopita ndi pensulo ankabwera ndi njinga, wopita ndi mapewa okha ankabwera ndi chifuwa.

Ngakhale gule anavala zovala zatsopano. Malipenga anafalikira ku Utonga nkhondo yoyamba itatha, akutsanzira perete ndi bandi ya asilikali. Malipenga enieni a mkuwa kunalibe, choncho anthu anapanga awo ndi zikho. Gulu lililonse linkatchedwa boma, lili ndi mfumu yake, akapitawo ake, dokotala wake ndi msungichuma. Makabudula oyera osita bwino, masokosi ofika m'maondo, tayi ndi kandodo zinkagulidwa ndi ndalama za ku Halale ndi ku Joni. Ena amati ankangosirira mzungu. Ine ndikaonera kunyada kwa mayendedwe a wovina malipenga ndimaona kuti ankamuseka ndithu, uku akumuuza kuti ukhondo ndi dongosolo si za mtundu umodzi.

Za otsala kumudzi sizilembedwa kawirikawiri. Ntchito ya nkhwangwa, kufolera nyumba, kumanga nkhokwe ndi kutchinga minda inagwera akazi, nkhalamba ndi ana. Ku Utonga, kumene chinangwa chimalimidwa kwambiri ndi akazi ndipo nyanja ili pafupi, midzi inapirirako. Ku Mzimba, kumene mkazi wolowoledwa amakhala kwa mwamuna, zinali zowawa. Ankatsala pakati pa apongozi ndi alamu, ndalama zikabwera zinkafikira m'manja mwa apongozi aamuna, ndipo kubwerera kwawo kunkafuna kubweza ng'ombe. Mwamuna ankatha chaka, ziwiri, zisanu. Kalata zinkayamba kuchepa, kenako zii. Mawu akuti machona anabadwa m'zaka zimenezi, kunena awo amene anakwatira kwina, kapena anachita manyazi kubwera chimanjamanja, kapena anakwiriridwa kumanda a komboni popanda wodziwitsa kwawo. Mabwalo a mafumu ndi mabwalo a mpingo anadzaza milandu ya akazi ofuna kumasulidwa ndi ya ana obadwa bambo ali kutali. Ofufuza ambiri a vimbuza amaona kuti gule wochiza ameneyu anakula kwambiri pakati pa akazi otere, chifukwa mzimu ukagwira munthu umaloledwa kunena zimene mkamwana sanganene pamaso pa apongozi.

Ophunzira amene anatsala kumudzi anayamba kulankhula m'njira imene boma linkaimva, ya misonkhano, mamineti ndi makalata. North Nyasa Native Association inayamba mu 1912, Levi Mumba ali mlembi wake. West Nyasa Native Association inatsatira mu 1914, ya Mombera mu 1920. Ankadandaula za msonkho, za nkhanza za mtengatenga, za kusowa kwa misika ndi misewu, za sukulu za boma zimene kunalibe, ndipo a Mombera analimbikira kuti ufumu wa M'mbelwa ubwezeretsedwe. Anali aulemu kwambiri m'kalembedwe kawo, mwina mopitirira, koma mzere wochokera kwa iwo umafika mowongoka ku Nyasaland African Congress ya 1944, imene pulezidenti wake woyamba anali Mumba yemweyo. Mumpingo namo munali kung'ung'udza. Laws, amene anafulumira kubweretsa magetsi, anachedwa kudzoza abusa akuda. Oyamba atatu, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka pafupifupi 40 mishoni ili m'dziko. Mwasi anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake, atatopa ndi kuyang'aniridwa ngati mwana.

Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, kumpoto kunamva kuwawa kwa kudalira mphika wa eni. Ku Copperbelt antchito anatsika kuchoka pafupifupi 30,000 mu 1930 kufika pochepera 10,000 mu 1932. Amuna anabwerera opanda kanthu, wamsonkho osachepetsa mtengo. Migodi itadzukanso ananyamuka ochuluka kuposa kale. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, oposa mmodzi mwa anayi alionse amphamvu zawo, ndipo maboma a kumpoto ndiwo anakhuthuka koposa. Lipotilo linachititsa manyazi ku Zomba ndi ku London. Koma mankhwala ake anali ongokonza mayendedwe a ulendowo. Pangano la 1936 pakati pa Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia linabweretsa zitupa ndi malamulo obwezera anthu kwawo, Wenela inaloledwanso kulemba anthu, ndipo Southern Rhodesia inayamba kutumiza malole onyamula ofuna ntchito osalipira, amene anthu anawatcha ulere. Galimoto inafika kwa munthu wamba wa kumpoto ngati chomutengera kutali msanga.

Mzuzu unabadwa poyesa kuyankha funso limene lipotilo linasiya: kodi kumpoto kungalimidwe chiyani chopirira mtengo wa ulendo? Yankho linaoneka ngati mtengo wa tung. Njere zake zimatulutsa mafuta ouma msanga, opangira penti ndi vanishi, ndipo dziko lonse linkawagula ku China. Nkhondo ya China ndi Japan itayamba mu 1937 mafutawo anasowa, mtengo wake n'kukwera. Ku Thyolo ndi madera ena a kumwera mitengoyi inali italimidwa kale, ndipo akatswiri anaona kuti mapiri a Viphya, amvula yambiri ndi anthu ochepa, angaiyanje. Mafuta ndi katundu wochepa koma wodula, woti angalipire lole yotsikira ku Nkhata Bay ndi sitima yopita ku njanji. Munda unayamba mu 1947, ndipo Colonial Development Corporation, imene boma la Britain linakhazikitsa mu 1948, inautenga ndi malonjezo akuluakulu. Nkhalango inagwetsedwa ndi mathirakitala. Panamangidwa nyumba za mabwana, malaini a antchito, malo okonzera magalimoto ndi sitolo. Ku dambo la Limpasa kampaniyo inatsegula famu yoti izidyetsa antchito. Za dzina la malowo, anthu amafotokoza kuti azungu analephera kutchula mawu akuti vizuzu a eni dera.

Zinali zaka zomwe Britain inkataya ndalama pa mtedza wa ku Tanganyika ndi nkhuku za ku Gambia, ndipo tung wa pa Viphya analowa m'kaundula yemweyo. Mitengo sinabereke monga analonjezera, famu ya Limpasa inalephera, ndipo mafakitale a kunja anapeza mankhwala opangidwa ndi makina olowa m'malo mwa mafutawo. Koma pamene mundawo unkafota, malowo anali atapeza ntchito ina. Anali pamphambano, pamene njira yochokera kunyanja imakumana ndi yopita ku Ekwendeni, ku Rumphi ndi ku Mzimba. Sitima ya Vipya itamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145, Ilala yachiwiri inayamba kuyenda mu 1951, ndipo doko la Nkhata Bay linakhala khomo la chigawo chonse. M'ma 1950 boma linaika likulu la chigawo cha kumpoto pa Mzuzu. Akatolika, amene analowa mochedwa m'dera la Livingstonia, anakhazikitsa dayosizi ya Mzuzu mu 1961, ndipo m'kupita kwa nthawi Sinodi ya Livingstonia nayo inatsika ku Khondowe n'kudzamanga likulu lake m'tauni yatsopanoyi. Akalaliki, madalaivala, amakanika ndi matelala oyamba a Mzuzu ambiri anali anthu aja ophunzira ntchito ku Overtoun, ku Wankie ndi ku Luanshya, kapena ana awo ophunzitsidwa ndi ndalama za m'kalata.

Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu 221,272. Mitengo ya paini ya ku Chikangawa inadzalidwa kuti idyetse fakitale ya mapepala ya ku Chintheche, imene sinamangidwe. Wenela inaimitsidwa mu 1974 ndege yake itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, koma selefu sinathe. Nyumba zambiri zamalata owala ku Mchengautuwa, ku Zolozolo ndi ku Luwinga zikumangidwa ndi ndalama zotumizidwa pa foni kuchokera ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo matransipota a ku Mzimba amabwera atasanja mafiriji, masofa ndi njinga pangolo yokoka. Njanji inachoka pa Salima m'ma 1970 n'kukhotera kumadzulo, ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Mafuta a galimoto ochokera ku Dar es Salaam amakwerabe phiri la Chiweta pa mathanki, giya yoyamba, asanafike pa Katoto.